Nkhotakota tiipake utoto wanji?

Mayi a Tada, Area 25:
Moni nonse pagulu pano. Tandithandizani abale. Mwana wapatsidwa ntchito kusukulu yoti ajambule mapu a Malawi, boma lililonse alipake utoto malinga ndi chiyankhulo chake, kenako alembe chipembedzo chachikulu ndi gule wa kumeneko. Rumphi sitinavutike: Chitumbuka, CCAP, vimbuza. Mangochi talemba Chiyao, Chisilamu, beni. Koma pa Nkhotakota takanganapo ndi bambo ake mpaka nsima kuzizira. Iwo akuti Chichewa, CCAP ndi gule wamkulu basi. Ine ndinakhalako pa boma paja ndipo m'mamawa tinkadzuka ndi mawu a mwazini. Ndiye tilembe chiyani?

Wakabaza wa ku Mchesi:
Lembani kuti zosakaniza mwana akagone, mawa sukulu.

Wa ku Linga:
Mayi, nonse awiri mukunena zoona, kungoti aliyense akunena mbali imene anaiona. Pa boma pano ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja Asilamu ndi ambiri ndithu, ndipo ochuluka mwa iwo si Ayao ayi. Ndi Achewa enieni, a Phiri, a Banda, a Mwale, oyamwa Chichewa. Chisilamu chathu sichinadzere ku Mangochi. Chinabwera ndi Jumbe, Salim bin Abdallah, Mswahili amene anakhazikika kuno cha m'ma 1840. Zombo zake zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita tsidya la nyanja, kuchokera uko ulendo wapansi mpaka ku Kilwa. Anthu amene ankamugwirira ntchito, ndi ena amene anabisala kwa iye pothawa nkhondo za Angoni, ambiri analowa Chisilamu. Ufumu wa a Jumbe unatha m'ma 1890 azungu atalanda dziko, koma mizikiti inatsala, mpunga unatsalanso.

Tsono mukasiya nyanja n'kulowera kumtunda, cha kwa Mwansambo kufupi ndi Ntchisi, mukapeza gule ali pamalo pake. Bambo a Tada akunena za kumeneko. Musaiwalenso Aangilikani, anafika pa boma pano mu 1894, chipatala cha St Anne's ndi chawo.

Mtonga wa ku Chintheche:
Ndipo achimwene a ku Linga mwadumpha dala ife. Mukawoloka Dwangwa kulowera ku Dwambazi, boma likadali Nkhotakota lomwelo, koma pamsika mumva Chitonga, ndipo Khirisimasi ikafika ndi malipenga okhaokha. Pa esiteti ya nzimbe pa Dwangwa ndiye musanene, pali Asena, Alhomwe, Atumbuka, aliyense anabwera ndi chake.

Mayi a Tada, Area 25:
Mayo ine, ndiye makirayoni atha pa boma limodzi.

Aphunzitsi Opuma:
Mayi a Tada, vuto si inu kapena bambo a kunyumba. Funsolo ndi limene lili lopindika, ngakhale ndikumvetsa kuti mwana wa pulayimale amayenera kuyambira penapake. Malire a maboma anawajambula atsamunda kuti adziwe amene atolere msonkho kuti, ndi DC amene aweruze milandu ya kuti. Sanafunse kuti gule wathera pati kapena Chitonga chayambira pati. Chiyankhulo, chipembedzo ndi magule chilichonse chinayenda njira yakeyake, pa nthawi yakeyake, ndipo njirazo sizinatsatane. N'chifukwa chake pa Nkhotakota mukupeza Mchewa wa Chisilamu, pa Malindi ku Mangochi mupeza Myao wa Angilikani, ndipo ku Mzimba mupeza Mngoni woyankhula Chitumbuka.

Ndikanakhala ine ndikanamuuza mwana ajambule mivi m'malo mopaka utoto. Muvi wina uchoke kunyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, udzere kwa Makanjira ndi kwa Mponda, wina uwoloke nyanja kufika ku Nkhotakota. Umenewo ndi wa malonda, ndipo Chisilamu chinatsata umenewo. Muvi wina ukwere ndi Zambezi ndi Shire, umenewo ndi wa amishoni. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawasautsa anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako anakwera phiri ku Khondowe mu 1894. A Blantyre anakhazikika mu 1876. Adatchi ochokera ku South Africa anayamba pa Mvera mu 1889, pambuyo pake n'kudzamanga likulu pa Nkhoma. Akatolika a Montfort anayamba pa Nzama ku Ntcheu mu 1901, a White Fathers pa Mua mu 1902. Mukaika madontho amenewa pa mapu, muona kuti mpaka lero mpingo waukulu m'dera ndi uja unayamba kumanga sukulu kumeneko. Agogo athu ambiri sanasankhe mpingo poyerekeza ziphunzitso, analowa mpingo wa mwini sukulu imene inali pafupi.

Mjomba wa ku Namwera:
Aphunzitsi mwalasa. Ndipo n'chifukwa chomwecho kwathu kuno sukulu inachedwa. Makolo ankaona kuti mwana akapita kusukulu ya mishoni abwerako atasintha dzina, atasiya Chisilamu, mwina atadyanso zosazinga. Ndiye ankangomutumiza ku madrasa. Ena amatinena kuti Ayao sitikonda sukulu ngati kuti tinabadwa choncho, osadziwa kumene zinachokera.

Koma ndikonzeko pang'ono pa beni amene Mayi a Tada alemba. Beni si gule wa chipembedzo, ngakhale amavinidwa kwambiri kwathu. Anachokera kugombe kwa Aswahili, anthu potsanzira perete ya asilikali ndi magulu awo oimba malipenga, ndipo kuno anafala kwambiri asilikali athu a KAR, gulu lankhondo la atsamunda la King's African Rifles, atabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. N'chifukwa chake muona ovina atavala yunifolomu, mamendulo pachifuwa, wina akutchedwa kaputeni. Za chipembedzo zenizeni ndi sikiri. Za chinamwali ndi manganje, anyamata akamatuluka ku jando.

Mtonga wa ku Chintheche:
Ndiye kuti beni ndi malipenga athu ndi pachibale?

Aphunzitsi Opuma:
Pachibale penipeni, pamodzi ndi mganda wa ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu. Onse atatu ndi ana a perete ya asilikali. Taonani mizere, likhweru, mtsogoleri ndi ndodo yake, ng'oma yaikulu ija. Kusiyana kwake n'kwakuti Ayao anatenga ukali wa msilikali, pamene inu Atonga munatenga ukhondo wake: kabudula woyera wosita bwino, sokosi zofika m'mawondo, tayi, mpango m'manja. Gule mmodzi wadutsa ziyankhulo zitatu ndi zipembedzo ziwiri osapempha chilolezo kwa DC aliyense.

Mtonga wa ku Chintheche:
Zoti Atonga ndife aukhondo mwanena nokha aphunzitsi, ine ndasunga uthengawu.

Mkulu wa Mpingo, Dwangwa:
Popeza mwatchula Dwangwa, ndiloleni ndiyankhuleko, chifukwa ife nkhani ya malire tinaimva m'thupi. CCAP inapangidwa mu 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana, Nkhoma inalowa mu 1926. Sinodi iliyonse inali ndi dera lake, ndipo kuno malire ankawerengera mitsinje. Ngakhale Kasungu poyamba inali m'manja mwa Livingstonia, inaperekedwa kwa Adatchi m'ma 1920, china mwa zifukwa chake n'chakuti anthu ake ndi oyankhula Chichewa. Zinkayenda bwino pamene anthu ankafera m'mudzi umene anabadwira. Koma esiteti itatsegulidwa kunabwera antchito oyankhula Chichewa kumpoto kwa mtsinje, ndipo iwo ankafuna kupemphera ndi kuimba nyimbo m'chiyankhulo chawo. Mipingo ya Nkhoma inayamba kumera m'dera limene Livingstonia inkati ndi lake. Mkangano unatenga zaka zambiri, mpaka a Livingstonia anati basi, kulibenso malire, n'kukatsegula mipingo ku Lilongwe. Lero mu Lilongwe muli CCAP ya Nkhoma ndi CCAP ya Livingstonia, ku Mzuzu chimodzimodzi. Katekisimu wosasiyana kwenikweni, Mulungu mmodzi, koma munthu amafuna kulira maliro a mayi ake m'chiyankhulo cha mayi akewo.

Nangozo wa ku Lizulu:
Abambo, ine ndikuona ngati pamenepo panalinso nkhani ya zopereka, tisanamizane.

Mkulu wa Mpingo, Dwangwa:
Mayi, zimenezo mwanena ndinu.

Nangozo wa ku Lizulu:
Chabwino ndasiya. Koma za malire bwerani mudzaone kwathu. Msewu wa M1 kuchoka ku Dedza kubwera ku Ntcheu, malo ambiri msewuwo ndiwo malire a dziko. Mukaima pamsika pa Lizulu, mbali iyi ndi Malawi, mukawoloka tala muli ku Mozambique, ku Angónia. Wogulitsa mbatata yakachewere uko ndi wogulitsa kabichi kuno ndi munthu ndi msuweni wake, chiyankhulo chimodzi, ngoma imodzi. Mzerewo anagwirizana Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ife tinangouzidwa. Kusiyana kumene kulipo lero n'kwakuti wa uko akafuna kuwerenga ndalama kapena kutchula masiku amaponyamo Chipwitikizi, ife timaponyamo Chingerezi.

Ndiye Mayi a Tada, pa Ntcheu mwalemba chiyani? Mukalemba Chingoni mwanama, chifukwa ine Mngoni wa kwa Gomani Chingoni sindichidziwa, amayi anga sankachidziwa, agogo ankangodziwa cha m'nyimbo za ngoma. Mukalemba kuti ndife Achewa, a Maseko akuyenderani.

Jere wa ku Embangweni:
Ifenso chimodzimodzi alongo. Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 ndi anthu oyankhula chiyankhulo cha kwa Azulu. Lero a kwa M'mbelwa tikuyankhula Chitumbuka, a kwa Mpezeni ku Chipata akuyankhula Chinsenga, inu a Maseko, amene munabwera ndi gulu lanulanu, mukuyankhula Chichewa. Chifukwa chake n'chosavuta. Ankhondo aja ankakwatira akazi a mitundu imene anaigonjetsa, ndipo mwana amakula ndi chiyankhulo cha amene akumubereka kumbuyo. Tinapambana ndi nthungo, tinagonja kukhitchini. Koma taonani zimene zinatsala: lobola, ng'ombe, mwana kukhala wa kwa bambo, ingoma, zibongo. Atumbuka ambiri a ku Mzimba anatengera lobola kwa ife pamene ife tinatengera chiyankhulo kwa iwo. Ndiye utoto wa Mzimba ukhala wa ndani?

Mlhomwe wa ku Phalombe:
Inu bola munataya chiyankhulo muli olamula. Makolo athu anachitaya chifukwa cha manyazi. Analowa m'dziko muno mwaunyinji kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, pothawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kudzagwera m'thangata m'maesiteti a azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. Anthu ankawatcha dzina lonyoza lija, sindilibwereza pano. Ndiye munthu akapita ku tauni ankabisa mtundu, ana ake osawaphunzitsa Chilhomwe. Kalembera wa 2018 akuonetsa kuti Alhomwe tili pafupifupi 19 pa anthu 100 aliwonse, achiwiri kwa Achewa amene ali 34 pa 100, koma lowani minibasi ya ku Limbe kupita ku Muloza mumve ngati muli Chilhomwe. Mulhako wa Alhomwe, gulu lathu la chikhalidwe, utayamba nthawi ya Bingu, anthu n'kumasonkhana pa Chonde chaka ndi chaka, m'pamene ambiri anayamba kunena poyera kuti ndine Mlhomwe. Tchopa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014. Gule anapulumuka, chiyankhulo ndiye chikupumira m'mwamba.

Nyagondwe, Mzuzu:
Mukuzungulira nonse, palibe akutchula 1968. Chaka chimenecho msonkhano waukulu wa MCP unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mwana wa ku Rumphi ankalemba mayeso a Chichewa mofanana ndi mwana wa ku Dowa amene anayamwa chiyankhulocho. Chitumbuka chinabwerera pa MBC mu 1994 Kamuzu atachoka, Chiyao, Chilhomwe, Chisena ndi Chitonga n'kutsatira pambuyo. Ndiye musamati Chichewa chinangofala chokha. Chinakankhidwa ndi boma. Ine pano ndikulemba Chichewa osati chifukwa ndinachisankha.

Achewa Sapepesa:
Ayambapo a kumpoto. Nanga dziko likanayenda bwanji aliyense akuyankhula chake? Pano tikumvana chifukwa cha Chichewa chomwecho mukuchidandaulacho.

Nyagondwe, Mzuzu:
Kumvana sindikukana achimwene. Ndikukana kuchotsa cha mnzako pa wailesi. Ku Zambia wailesi ya boma imaulutsa m'ziyankhulo 7 ndipo dziko silinagawike.

Aphunzitsi Opuma:
Tiyeni tiike mitima pansi. A Nyagondwe akunena zoona pa 1968, ndipo bala limenelo si la masewera. Koma ndionjezere kuti Kamuzu anapeza chiyankhulochi chili kale patsogolo. Amang'anja a ku Shire, Anyanja a m'mbali mwa nyanja ndi ku Likoma, ndi Achewa a pakati, onse ndi ana a Maravi ndipo ankamvana kale. Atsamunda ankagwiritsa ntchito Chinyanja ku polisi ndi ku usilikali. Amishoni a Blantyre ndi a Nkhoma anagwirizana zomasulira Baibulo limodzi loti lizimveka konseko, ndipo Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Buku limenelo linalowa m'nyumba zambiri kuposa lamulo lililonse la boma. Chimene 1968 inachita ndi kutenga chiyankhulo chimene chinali cha mitundu ingapo n'kuchipatsa dzina la mtundu umodzi, kenako n'kutsekera zinazo kunja. Kulakwa kunali pamenepo, ndipo ine monga Mchewa sindiona chovuta kuvomereza.

Wa ku Chipata:
Ife kuno ku Zambia dzina lakale lija tinalisunga, m'sukulu timaphunzira Cinyanja. Ndipo a Achewa Sapepesa musadzitame kwambiri, mfumu yanu yaikulu ili kwathu. Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika, m'boma la Katete, ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa a ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera kudzagwada pa Kulamba. Pamenepo m'pamene umaona kuti mapu a Achewa ndi ena, mapu a mayiko ndi ena. UNESCO nayo pozindikira gule wamkulu mu 2005 inalemba mayiko onse atatu.

Wakumzinda, Dedza:
Za kudambwe sitikamba pa foni, amene akufuna kudziwa akagule njira. Koma zimene aliyense amaona pabwalo ndinganene. Gule ndiye amasunga mbiri ya alendo onse amene anadutsa m'dziko la Achewa. Simoni wofiira uja ndi mzungu wopsa ndi dzuwa. Maliya anabwera amishoni atafika. Kuli zilombo zotsanzira Mngoni ndi chishango chake, kuli galimoto, kuli ndege. Chilichonse chachilendo chikafika, gule amachitenga n'kuchivinitsa pabwalo kuti anthu achiseke, achizolowere. Amishoni analimbana nafe kwambiri, makamaka nkhani ya ana kusiya sukulu, ndipo a Nkhoma mpaka anayambitsa chilangizo kuti chilowe m'malo mwa chinamwali cha kumudzi. Koma pitani pa Mua lero. Pamishoni pomwepo pamene kale ansembe ankalimbana ndi gule, pali Kungoni, malo a zaluso ndi zachikhalidwe, imene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, ndipo m'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli nkhope za gule zochuluka zedi.

Mkulu wa Mpingo, Dwangwa:
Kusunga m'nyumba yoonetsera alendo ndi nkhani ina, kulowa ndi nkhani ina. Kwathu mkhristu akapezeka kudambwe timamuika pa mwambo, ndipo sizinasinthe.

Wakumzinda, Dedza:
Tikudziwa abambo. Timawalandira Loweruka usiku, inu mumawalandira Lamulungu m'mawa.

Mbuya wa ku Nsanje:
Mwakamba za pakati ndi kumpoto, kuchigwa kuno mwatisiya ngati masiku onse. Ku Khulubvi kuli kachisi wa Mbona, wa Amang'anja, wakale kuposa tchalitchi chilichonse ndi mzikiti uliwonse m'dziko muno. Anthu ankabwera kudzapempha mvula kuchokera kutali, ena kuchokera tsidya la Mozambique. Lero ambiri ozungulira malowo ndi Asena amene anakwera kuchokera ku Zambezi, chiyankhulo cha pamsika ndi Chisena, magule ndi utse, likhuba ndi valimba, koma malo opatulikawo akadali m'manja mwa eni ake. Achewa a ku Lilongwe nawo anali ndi kachisi wawo wa mvula kwa Makewana ku Msinja. Mwana wa Mayi a Tada akafunsidwa chipembedzo cha Nsanje alemba Chikhristu, ndipo akhoza, koma mvula ikachedwa anthu amadziwa kolowera.

Wakabaza wa ku Mchesi:
Akuluakulu mukukamba zakale zokhazokha. Ife a masiku ano mapu athu ndi ena. Mnyamata wa ku Karonga, wa ku Mangochi ndi wa ku Nsanje akakumana pa depoti amayankhula Chichewa cha m'tauni chimene agogo a ku Dowa sangamve theka lake. Oimba a ku Mzuzu akufuna kugulitsa nyimbo ku Blantyre amaimba Chichewa. Pa mpira funso ndi lakuti ndiwe wa Maule kapena wa Manoma, osati ndiwe mtundu wanji. Matchalitchi a Pentekosite ndiye alibe dera, amangochita lendi kalasi pasukulu n'kuika zokuzira mawu, kaya ndi ku Chitipa kaya ndi ku Makanjira.

Nyagondwe, Mzuzu:
Mudikire chaka cha zisankho muone ngati mapu akale aja anafa. Kapena mukafunsire mkazi ku Mzimba muone ngati akakufunseni za Maule.

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga wa kabaza, zimene ukunenazo si zachilendo kwenikweni, ndi muvi wachitatu umene sindinautchule, wa anthu opita kukagwira ntchito. Kale unkaloza ku Joni ndi ku Halale. Amene ankapita ku migodi ankabwerako ndi njinga, jekete ndi mpingo watsopano. Ziyoni inabwera choncho kuchokera ku South Africa, Apositoli kuchokera ku Zimbabwe. Elliot Kamwana anabwera ndi Watch Tower kwa Atonga mu 1908 atachokera ku South Africa, n'kubatiza anthu zikwizikwi m'miyezi yochepa. Lero muviwo ukuloza ku Lilongwe, ku Blantyre ndi pa foni yakoyo. Koma unkanyamulanso zathu kupita nazo kunja, funsani a ku Harare ali pagulu pano.

Mdzukulu wa ku Harare:
Zoona agogo. Pepani Chichewa changa n'chophunzira ukulu. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, sanabwererenso. Kuno gule alipo m'mafamu, m'migodi ndi m'makomboni ena a Harare, Ashona amati zvigure ndipo amaopa kwambiri. Mizikiti yambiri yakale ya m'migodi anayambitsa ndi Ayao ochokera kwanuko. CCAP nayo ili ndi sinodi yake ya Harare, ndipo nyimbo timaimba za m'Chichewa ngakhale ana ambiri kunyumba amayankhula Chishona. Ine ku Malawi sindinafikeko, koma chaka chino ndikufuna ndikaone Kulamba. A ku Chipata, njira yabwino ndi iti kuchokera kuno? Ndidzere ku Lusaka?

Wa ku Chipata:
Ku Lusaka n'kozungulira mphwanga, ngakhale mabasi ndi osavuta kupeza: Chirundu, Lusaka, kenako Great East Road mpaka pa Katete. Yachidule ndi yodzera ku Mozambique. Utulukire pa Nyamapanda, ufike ku Tete, uwoloke Zambezi, utenge msewu wopita ku Cassacatiza, ulowe Zambia pa Chanida. Ukatero Katete ili pafupi. Koma galimoto za msewu umenewo n'zosadalirika, unyamuke masiku angapo mwambo usanafike, ndipo malo ogona pa Katete amadzaza msanga sabata imeneyo. Undilembere kumbali ndikupatse nambala ya alamu anga, amakhala kufupi ndi Mkaika.

Nangozo wa ku Lizulu:
Ukamabwerera udzere pa Mwami, ulowe Mchinji, udzafike ku Dedza ukaone kwa agogo ako. Mudzi ukuudziwa dzina?

Mdzukulu wa ku Harare:
Dzina la mudzi ayi, koma ankatchula kwambiri kwa Kaphuka, ndipo mfunda wathu ndi Mbewe.

Wakumzinda, Dedza:
Kwa Kaphuka ndi kwathu. A Mbewe aliko ambiri, tikayambira kwa agulupu kufunsa amene anapita ku Halale osabwerako. Unditumizire dzina la agogo akowo kumbali.